Ziro wa mu CAD ndi ziro wa pa makina: nkhani ya ma coordinate system pa ntchito za 5-axis

Chinthu chilichonse chomwe chajambulidwa mu CAD, mapulogalamu ojambulira zinthu pa kompyuta, kaya ndi SolidWorks, Fusion, NX, CATIA kapena ina iliyonse, chili ndi kamalo kamodzi komwe kompyuta imati apa ndiye pa ziro, X0 Y0 Z0, ndipo kona iliyonse, bowo lililonse, zimawerengedwa kuchokera pamenepo. Makina a CNC, aja oyendetsedwa ndi kompyuta, omwe adzadule chitsulocho nawonso ali ndi ziro wawo, wina osati yemwe uja, ndipo sadziwa kalikonse za zomwe dizayina ankaganiza. Iwo amangolandira manambala basi. Mukawauza X50 amapita pa X50 ya iwowo, kaya pamenepo pali chitsulo, kaya pali vayisi, kaya ndi mpweya chabe, zimenezo si zawo. Ndiye ntchito ya coordinate system yomwe timadzipangira tokha mu model ndi kugwirizanitsa maziro awiriwa, kuti nambala ya pa sikirini ndi nambala yomwe makina akuyenda zizinena malo amodzi. Pa makina a ma axis atatu nkhaniyi sivuta kwenikweni, munthu amaigwira msanga. Koma pa makina a 5-axis, tebulo likayamba kupendekeka ndi kuzungulira, eee, pamenepo ndi pomwe anthu amathyola ma tool ndi kutaya zitsulo zomwe zadya kale maola ambiri.

Timvetsetsane kaye kuti coordinate system si kadontho kokha ayi. Ndi kadontho kuphatikiza komwe X, Y ndi Z zaloza. Zili ngati kumuuza munthu kuti yendani masitepe khumi kumanja, ngati simunamuuze poyambira komanso komwe ayang'ane, akafika kwina ndipo wolakwa si iyeyo. Ambiri amasamala za poyambira pokha n'kuiwala za koyang'ana, chonsecho pa 5-axis gawo limeneli ndi lomwe limazunguza mutu.

Ma axis atatuwa ali ndi lamulo lake, la dzanja lamanja. Tambasulani chala chachikulu, cholozera ndi chapakati kuti chilichonse chiloze kwake, chachikulu ndi X, cholozera ndi Y, chapakati ndi Z. Mukasankha awiri, wachitatu wasankhidwa kale, simungamuike komwe mtima wanu wafuna. Pa makina odulira, Z imatsata spindle, chomwe chimagwira ndi kuzunguliza tool, ndipo Z ya plus ndi pamene tool ikuchoka pa chitsulo. Kenako pali ozungulira aja: A imazungulira pa X, B pa Y, C pa Z, ndipo mbali ya plus mumaipeza ndi dzanja lomwelo, chala chachikulu chiloze komwe axis yaloza, komwe zala zinazo zapindikira ndiye plus. Zonsezi zili mu ISO 841. Kanthu kamodzi kosokoneza ndi aka, malamulowa amawerenga ngati tool ndi yomwe ikuyenda ndipo chitsulo chaima, ndiye pa makina omwe tebulo ndi lomwe limazungulira, mukalamula C ya plus mutha kuona tebulo likupita mbali yomwe inu mumayesa minus. Sikuti makina apenga, amayenera kutero.

Nanga bwanji osangogwiritsa ntchito ziro yemwe dizayina anaika kale? Chifukwa dizayina sankaganiza za vayisi. M'makampani opanga magalimoto kachitsulo kalikonse kamajambulidwa pamalo pomwe kadzakhale pa galimoto yonse, ziro amakhala cha kutsogolo, ndiye bulaketi ya kumbuyo mukaitsegula mumapeza ili mamita angapo kuchokera pa ziro, itapendekeka mwa njira yakeyake. Opanga ndege nawo ndi chimodzimodzi. Kwa iwowo n'zanzeru, chifukwa zidutswa zonse zikaitanidwa mu assembly zimangogwera m'malo mwake popanda kuzikankha. Palinso nkhani ya Y ndi Z, SolidWorks imabwera Y italoza m'mwamba pomwe pa makina oimirira m'mwamba ndi Z, ndiye model ikalowa mu CAM, pulogalamu yokonzera njira zomwe tool idzayende podula, imaoneka yagona cham'mbali. Fusion imakulolani kusankha nokha kuti m'mwamba mukhale Y kapena Z, koma fayilo ikachokera kwa munthu wina ibwera momwe iye anasankhira.

Ena akaona zimenezi amangogwira model yonse n'kuisuntha, kuitembenuza mpaka kona igwere pa ziro wa pulogalamu. Zimagwira ndithu, koma ine sindimazikonda ngakhale pang'ono. Mawa dizayina atumiza revision yatsopano, bowo limodzi lasuntha, model yabweranso mmene inalili poyamba, ndiye muyambirenso kuisuntha ndipo mukumbukire bwinobwino manambala omwe munagwiritsa ntchito mwezi watha, mukaphonya pang'ono ma toolpath onse akale, njira zija zoyenda tool, atsalira pena. Komanso amene akayeze chinthucho pa CMM, makina oyezera zinthu zodulidwa, akugwiritsa ntchito model yoyamba ija, ndiye mukamakambirana za bowo la pa X120 aliyense akunena bowo lina. Njira yabwino ndi kuisiya model pomwe ili n'kuwonjezera coordinate system yatsopano pamwamba pake. Mu SolidWorks ili pa Reference Geometry, mu AutoCAD ndi UCS, mu Mastercam mumakumana ndi WCS ndi ma plane, mu NX ndi MCS, mu Fusion mumaiika mu Setup. Mayina ndi ambiri koma chinthu ndi chimodzi: kadontho, komwe Z yaloza, komwe X yaloza.

Kumbali ya makina kuli magawo atatu omwe amakwerana. Pansi penipeni pali ziro wa makina eni ake, yemwe sasuntha, pa ma controller a Fanuc ndi Haas, makompyuta oyendetsa makinawo, mumamufikira ndi lamulo la G53. Pamwamba pake pali work offset, G54 mpaka G59, amene kwenikweni ndi katebulo ka manambala konena kuti kuchokera pa ziro wa makina kukafika pa ziro wa chitsulo chanu pali mtunda wakuti mu X, Y ndi Z. Asanu ndi limodziwa akachepa Fanuc ili ndi G54.1 P1 kupita m'tsogolo, Haas ili ndi G154 P1 mpaka P99, Heidenhain imasunga zake mu preset table. Coordinate system yaikulu yomwe mwapanga mu CAD ija, mnzake wa pa makina ndi G54 ameneyu. Gawo lachitatu ndi la malo opendekeka, tifikako.

Titenge chinthu chimodzi kuti tizichiona ndi maso. Buloko ya aluminiyamu, mamilimita 120 m'litali, 80 m'lifupi, 50 kutalika kwake. Mbali imodzi yadulidwa mopendekeka madigiri 30 ndipo pamenepo pali mabowo anayi, komanso pali bowo lina lalitali lomwe libooledwe kuchokera kumapeto onse awiri n'kukakumana pakati. Funso loyamba, ziro wamkulu timuika pati?

Yankho limayambira pa drawing. Ngati dizayina analemba ma datum, malo oyambira kuyeza omwe amalembedwa A, B ndi C (osati ma axis ozungulira aja) motsata ASME Y14.5 kapena ISO 5459, ndiye wakuuzani kale komwe chinthucho chidzayezedwere. Chitsulo chomasuka chimatha kuyenda m'njira zisanu ndi imodzi, kutsetsereka katatu ndi kuzungulira katatu. Datum A, tinene kuti ndi pansi pa buloko, imagunda malo atatu n'kutseka njira zitatu. B, mbali yaitali, imagunda malo awiri n'kutseka ziwiri. C imagunda pamodzi n'kutseka yotsalayo. Ndiye 3-2-1 yomwe mumamva ija ndi imeneyi. Ziro wanu akakhala pomwe ma datum atatuwa akumana, manambala a mu pulogalamu amafanana ndi a pa drawing, opareta akaona X35 pa sikirini ya makina amatha kuiona 35 yomweyo pa pepala, ndipo cholakwa chimaoneka tool isanagunde chitsulo.

Koma drawing siimaliza nkhani. Ziro ayenera kukhala pomwe munthu angamupeze ndi zida zoyezera, probe kapena dial indicator, chitsulo chitamangidwa kale. Pansi pa buloko pakakhala pabisika mu vayisi, probe ifikapo bwanji? Ndipo ayenera kukhala pamalo omwe sadzadulidwa. Apa ambiri amagwa. Amaika Z0 pamwamba pa chitsulo chosadula, chifukwa ndi pomwe pali pafupi, kenako tool yoyamba yomweyo imasenda mamilimita awiri pamwambapo, malo aja atha. Pakati pa ntchito tool yathyoka kapena magetsi athima, mukufuna kutsimikizira ziro, palibe poyeza. Komanso zitsulo zosadula sizifanana, china 52.3 china 51.8, ndiye ziro akuvina ndi chitsulo chilichonse. Mmene ndimaonera ine, pa setup yoyamba ziro ndi bwino akhale pa fixture, chomangirapo chitsulo, monga pakati pa pallet kapena pamalo pomwe chitsulo chimakhalira mu vayisi, chifukwa pamenepo sipasintha. Pa setup yachiwiri, mutatembenuza buloko, ziro achokere pa mbali kapena bowo lomwe mwadula kale inuyo, kuti mbali ziwirizi zigwirizane. Kutanthauza kuti fixture nayonso ikhale mu model, pamalo ake enieni, osati kungoiganizira m'mutu.

Tsopano pomwe pavuta. Pa ma axis atatu mukayeza G54 kamodzi mwamaliza, chitsulo chimangotsetsereka, ziro amapita nacho limodzi. Pa makina a tebulo lopendekeka, aja a trunnion okhala ndi A ndi C, ziro wa chitsulo amasamuka tebulo likangopendekeka. Tinene kuti kona yanu ya ziro ili mamilimita 100 pamwamba pa mzere womwe A imazungulirapo. Mukapendeketsa A madigiri 30, kona ija yasuntha mamilimita 50 mu Y ndipo yatsika pafupifupi 13.4 mu Z. Mukafika madigiri 90, yapita 100 mu Y ndi 100 pansi. G54 yomwe munayeza ija ikunenabe malo akale, pomwe tsopano pali mpweya.

Kale anthu ankathana nazo m'njira ziwiri. Yoyamba, offset yake pa mbali iliyonse, G54 pamwamba, G55 pa mbali yopendekeka, G56 kumapeto, iliyonse kuyezedwa payokha. Ntchito yambiri, ndipo kuyeza kulikonse kumabwera ndi kacholakwa kake. Yachiwiri, kuika ziro wa pulogalamu pomwe ma axis ozungulira amakumana, pakati penipeni pa kuzungulira, chifukwa malo amenewo okha ndi omwe sasuntha. Mu CAM mumajambula tebulo, riser, vayisi ndi chitsulo, coordinate system n'kuiika pansi uko pakati pa tebulo, kutali ndi chitsulo. Njirayi imagwira mpaka lero, makamaka pa makina akale, koma chitsulo chiyenera kukhala ndendende pomwe model ikunena, chikasuntha theka la milimita ndiye mubwerere ku kompyuta, musunthe mu CAM, mutulutsenso pulogalamu. Manambala a mu pulogalamu sagwirizananso ndi drawing, ndipo pulogalamuyo yakwatiwa ndi makina amodzi, pa ena siyenda.

Makina a masiku ano amadziwerengera okha. Controller imasunga mu ma parameter ake pomwe pali pakati pa A ndi C, ndiye inu mumangoyeza G54 kamodzi tebulo lili pa A0 C0, likazungulira iyo imatsata komwe ziro wapita. Haas imatcha zimenezi Dynamic Work Offset, mumayatsa ndi G254 n'kuzimitsa ndi G255. Fanuc ili ndi G68.2 ya malo opendekeka, Siemens ili ndi CYCLE800, Heidenhain ili ndi PLANE SPATIAL ndi anzake. Apa ndi pomwe gawo lachitatu lija likulowa, ndipo ndi pomwe ma coordinate system ang'onoang'ono a mu CAD amagwira ntchito.

Pa buloko yathu ija, mbali ya madigiri 30 imafuna coordinate system yakeyake, mwana wa yaikulu ija. Z yake iloze kunja, yoima chilili pa mbaliyo, kadontho kake kakhale pamalo omveka monga pakati pa bowo loyamba kapena pa kona. Post-processor, pulogalamu yosandutsa ntchito ya mu CAM kukhala malamulo a makina, ikamasulira, pa Fanuc mutha kuona mizere ngati iyi:

G68.2 X60. Y40. Z50. I0 J30. K0
G53.1

Mzere woyamba ukuti sunthani ziro apite apa, ndipo mumupendeketse chonchi. Wachiwiri ukuti tsopano zungulizani ma axis kuti tool iime chilili pa malo amenewa. Zikatero zonse zotsatira ndi pulogalamu wamba ya ma axis atatu, mabowo anayi aja ndi G81 kapena G83, malamulo wamba obowolera, X ndi Y zake zowerengeka ngati za pa drawing. Imeneyi ndiye 3+2, awiri ozungulira amaika chitsulo pamalo n'kumangika, atatu enawo n'kumadula. Ntchito zambiri zomwe anthu amati ndi za 5-axis kwenikweni ndi zimenezi.

I, J ndi K pa mzere umenewo ndi ma angle a Euler, ndipo G68.2 mukapanda kuiuza zina imawawerenga motsatana chonchi: zungulira pa Z, kenako pa X yatsopanoyo, kenako pa Z yatsopano. Ndondomekoyi si yongokongoletsa. Tengani foni yanu muigoneke pa tebulo sikirini ili m'mwamba. Iimikeni madigiri 90 kuti sikirini iyang'ane kwa inu, kenako muizungulize madigiri 90 ngati chitseko. Onani mmene yakhalira. Igonekeninso, ulendo uno yambani ndi kuizunguliza madigiri 90 ili chigonere, kenako muidzutse molunjika kwa inu ngati poyamba paja. Foni yathera kwina, chonsecho ma angle ndi omwewo, 90 ndi 90. N'chifukwa chake simungatenge manambala atatu a pa Heidenhain, SPA, SPB ndi SPC, n'kungowakopera mu G68.2 mmene alili. Pamene mbali yapendekeka pa axis imodzi yokha ngati buloko yathuyi mutha kupulumuka bola angle muiike pa chilembo choyenera, koma ikapendekeka pawiri mudula malo olakwika mokongola kwambiri.

X ya coordinate system yaing'onoyi ambiri amaisiya kuti pulogalamu isankhe yokha, poti Z ndi yomwe imanena komwe tool iloze. Ine ndimati isankheni nokha, muigoneke pa m'mphepete wowongoka womwe aliyense angauone. Mukapanda kutero CAM itola kamzere kalikonse, mabowo anayi omwe ali pa mzere umodzi atuluka ndi manambala okhotakhota, opareta sangathe kuwatsimikizira ndi maso, ndipo akafuna kusuntha bowo pang'ono pa makina sadziwa kuti X yapita kuti. Komanso Z ikakhala yofanana ndi C, monga pamwamba pa buloko, X ndi yomwe ingachititse kuti tebulo lizungulire kapena lisazungulire. Heidenhain imakufunsani poyera, TABLE ROT kapena COORD ROT, kuzunguliza tebulo lenilenilo kapena kungozunguliza manambala.

Pali kenanso komwe CAD siikuuzani. Malo opendekeka amodzi makina amatha kuwafikira m'njira ziwiri. A30 C0 ndi A-30 C180 zonse zimaimika tool chilili pa mbali yomweyo. Pa masamu palibe kusiyana, pa makina kulipo. Trunnion zambiri zimapendekeka kwambiri mbali imodzi kuposa inzake, njira ina imabisa chitsulo kuseri opareta osaona kanthu, ina imabweretsa vayisi pafupi ndi spindle. Pa Heidenhain mumasankha ndi SEQ+ kapena SEQ-, kwina mumasankha mu post kapena mu CAM. Chachikulu ndi choti musankhe dala, ndipo malo omwe ayenera kugwirizana kwambiri muwadule tebulo litapendekekera mbali imodzi.

Ma axis onse asanu akamayenda nthawi imodzi, monga podula impeller kapena nkhungu yokhotakhota, ma coordinate system ang'onoang'ono aja sagwiranso ntchito chifukwa tool ikusintha kolowera pa kadontho kalikonse. CAM imangotulutsa malo a nsonga ya tool ndi komwe tool yaloza, zonse kuwerengedwa kuchokera pa coordinate system yaikulu ija. Kusandutsa zimenezo kukhala ma angle a A ndi C ndi ntchito ya post-processor kapena controller, ndipo imadalira mmene makina anapangidwira, kaya ozungulira onse ali pa tebulo, kaya onse ali kumutu, kaya wina uku wina uku. Apa mpomwe pamalowa TCP, njira yotsata nsonga ya tool, G43.4 pa Fanuc, G234 pa Haas, TRAORI pa Siemens, M128 kapena FUNCTION TCPM pa Heidenhain. Ikayaka, controller imasunga nsonga ya tool pa njira yake pamene tebulo likuzungulira, ndipo mukasintha tool n'kuika yaitali pang'ono mumangosintha nambala mu offset, osati kutulutsanso pulogalamu yonse.

Pa kudula kotereku pali malo amodzi oipa. Tool ikaima pafupifupi mofanana ndi C, ndiye kuti A ili pafupi ndi ziro, kasinthidwe kakang'ono ka kolowera tool kamatha kufuna kuti C izungulire kwambiri, nthawi zina mpaka theka la bwalo, m'kanthawi kochepa. Tebulo limathamanga, nsonga ya tool ili pamodzimodzi ikukhuza, pa chitsulo pamatsala chipsera. Amati singularity. Mankhwala ake ena ali mu toolpath, kuipendeketsa tool pang'ono kuti isadutse pamenepo, koma ena ali pa chiyambi penipeni, posankha mmene chitsulo chikhalire pa tebulo. Mukaona kuti malo ofunika kusalala kwambiri agwera pomwe tool iime chilili, mutha kumanga chitsulocho chitapendekeka madigiri angapo pa fixture, coordinate system yaikulu n'kuitsatira. Ndiye nkhani ya komwe Z iloze si yongodina batani, imafuna kuganiza toolpath isanayambe.

Zonse zomwe controller imadziwerengerazi zimadalira manambala aja a pakati pa kuzungulira, ndipo akalakwika CAD yanu ngakhale ikhale yoyera bwanji sikuthandizani. Bowo lathu lalitali lija: mwabowola kuchokera kumapeto amodzi, mwazunguliza C madigiri 180, mwabowola kwinako. Ngati nambala ya pakati pa C yaphonya ndi 0.05, mabowo awiriwa sakumana ndi 0.05 ayi, amasemphana ndi 0.1, chifukwa lina lakankhidwira uku lina uko. Mukalowetsa chala kapena pini mumamva kasitepe pakati. Ma angle nawo ndi chimodzimodzi, kulakwa kwa digiri 0.1 kumaoneka kochepa koma pa mtunda wa mamilimita 200 ndi pafupifupi 0.35, zomwe pa ntchito zambiri ndi chitsulo chotayidwa. N'chifukwa chake pali mpira woyezera uja womwe amaumanga pa tebulo, probe n'kumaugunda tebulo lili pa ma angle osiyanasiyana kuti makina apezenso pakati pawo. Heidenhain imati KinematicsOpt, Siemens ili ndi CYCLE996, Renishaw ili ndi AxiSet. Ndipo si za kamodzi basi, makina akagundidwa manambala amasintha, akatentha amasinthanso. Chitsulo cha steel chimakula pafupifupi mamilimita 0.012 pa mita iliyonse kutentha kukakwera digiri imodzi, aluminiyamu pafupifupi kawiri kake, ndiye makina ozizira a m'mawa ndi omwe ayenda tsiku lonse sali ndendende chimodzimodzi.

Tibwerere ku kompyuta, pali tizinthu tomwe timaoneka tachabe. Coordinate system mukamaipanga imamatirira ku chomwe mwadina, kona, m'mphepete kapena mbali. Mukaimatiriza pa kam'mphepete komwe dizayina adzaikapo fillet mawa, kubulungiza konayo, kona ija kulibenso, coordinate system iduka kapena ilumphira kwina mwakachetechete, ma toolpath onse n'kuitsatira. Ndi bwino kuimanga pa ma plane, pa axis ya bowo kapena pa kasketch komwe mwajambula dala. Ipatseni dzina lomveka, OP10_G54, OP20_G55, MBALI_30, osati Coordinate System1, 2, 3 mpaka 14 zomwe ngakhale mwini wake saziwanso patatha mwezi. Ndipo ana onse achokere kwa kholo limodzi, kuti mukasuntha yaikulu enawo asunthe nayo.

Potumiza fayilo ya STEP samalani, nthawi zambiri coordinate system yomwe mwapanga siifika kwa mnzanu ngati chinthu choti angadine. SolidWorks ili ndi posankha Output coordinate system mu ma option a export, ndipo imalemba model yonse kuchokera pa yomwe mwasankhayo, zomwe zimathandiza koma dziwani kuti fayilo imeneyo yasiyana ziro ndi yoyamba ija, ilembeni dzina losonyeza zimenezo. Mirror nayo ndi msampha. Chidutswa chakumanzere ndi chakumanja, munthu amati ndingopanga mirror zonse, koma mirror imasandutsa dzanja lamanja kukhala lamanzere, G02 yodula bwalo motsata wotchi imakhala G03 yobwerera kwinako, climb milling imasanduka conventional, ndiye kuti tool ikuluma chitsulo mwa njira ina, ndipo tool imazungulirabe mbali yake yakale. Pangani mirror ya model yokha, coordinate system mupange yatsopano ya dzanja lamanja, ma toolpath awerengedwenso. Za mainchi ndi mamilimita, G20 ndi G21, sindinenapo zambiri, 25.4 ndi nambala yaikulu moti cholakwacho chimaoneka msanga.

Opareta saona zomwe zili m'mutu mwanu, ndiye setup sheet ikhale ndi chithunzi cha chitsulo chili mu fixture, mivi ya X, Y, Z itajambulidwa pomwe pali ziro, offset yake ndi iti, ayeze pa mbali ziti ndipo tebulo lili pa angle yanji. Mawu oti "ziro pa kona" okha sakwanira, buloko ili ndi makona asanu ndi atatu. Simulation nayo ikhale ya makina onse, tebulo, mutu, holder ndi vayisi, ndipo ngati n'kotheka iwerenge G-code yeniyeni yomwe yatuluka mu post, chifukwa ya mkati mwa CAM imangoonetsa zomwe CAM ikuganiza, pomwe zolakwa za ma angle zimabadwira mu post.

Ngozi zambiri sizichitika podula, zimachitika pakati, pochoka pa coordinate system ina kupita pa ina. Tool ituluke kaye m'bowo motsata Z ya malo opendekekawo, kenako muzimitse ndi G69 kapena PLANE RESET kapena G255 malinga ndi makina anu, mukwere pamalo otetezeka ndi manambala a makina eni ake, pamenepo ndiye tebulo lizungulire. Pa makina omwe mutu ndi womwe umapendekeka izi n'zofunika kwambiri, chifukwa Z ya makina ndi Z ya tool zasiyana, mukalamula G53 Z0 drill ili m'bowo lopendekeka ikwera molunjika m'mwamba n'kuthyokera momwemo. Ndipo buloko yomwe inali kutali ndi spindle pa A0, kona yake imatha kukwera ndithu tebulo likamapendekeka, ndiye poyendetsa pulogalamu koyamba ikani single block, yoyendetsa mzere umodziumodzi, rapid, liwiro loyenda tool isakudula, muitsitse, ndipo pa kuzungulira kulikonse muziyang'ana distance to go, mtunda womwe watsala kuti makina ayende, musanadine batani lobiriwira.